Tinayanika Nyumba Padenga la Khitchini

Ndikufuna dziko lidziwe, ndipo amene ali ndi cholembera alembe, kuti kuchokera pa Lirangwe mpaka kumpanda wa bwalo la ndege ku Chileka palibe munthu wamoyo amene amadziwa kulemekeza pulani ya nyumba kuposa ine. Mainjiniya amandipatsa moni ndi manja awiri. Amisiri omanga akafika pamaso panga amavula chipewa. Ndanena zimenezi poyamba kuti zotsatirazi muziwerenge mwaulemu.

Tsopano zoona zake. Kujambula sinditha, ngakhale khola la nkhunda. Ku koleji ndinapitako ndithu kukaphunzira zomangamanga, koma ine ndi masamu tinagwirizana kuti tisiyane mwamtendere chaka chachiwiri chisanathe. Mainjiniya aja amandipatsa moni chifukwa ndimawasindikizira mapulani m'kashopu kanga pa Chileka. Amisiri amavula chipewa chifukwa m'kashopumo mumatentha. Luso langa lonse ndi ili: ndimadziwa kukulunga pepala lalikulu ndi kuliika pamalo oyenera. Ndinaliphunzira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, kudzera m'mlandu umene sindinapalamule.

Ababa anagwira ntchito zaka zambiri ku bwalo la ndege, kunyamula masutikesi a anthu opita kumaiko amene iwo sanakapondeko. Atapuma pantchito tinabwerera kumudzi, kufupi ndi Lirangwe, iwo ali ndi kandalama kawo ndi lingaliro limodzi m'mutu. Kwathu nyumba imajambulidwa ndi chala cha kuphazi. Mwini nyumba ndi mmisiri amayenda pabwalo, uyu akukanda pansi, uyo akuti onjezani pang'ono, basi mawa lake maziko akumbidwa. Ababa zimenezo anazikana. Ankafuna nyumba ya pulani, ya chimbudzi cham'kati ndi khonde loyang'ana kumsewu. Anazinena ngakhale panja pa tchalitchi, akulu ampingo anzawo akumva, moti njira yobwerera m'mbuyo anaitseka okha.

Pulaniyo anaijambulitsa kwa mnyamata wina wa mu Blantyre amene ankagwira ganyu wotere mwam'mbali. Anawapatsa pepala limodzi lokha losindikiza. Atangolandira zake ananyamuka wa ku Joni, ndipo kumene anasiya pepala loyambirira ankadziwa ndi iye yekha.

Ndikukumbukira madzulo amene pepalalo linafika. Linali lalikulu kuposa tebulo lathu, m'mbali likulendewera, mizere yake yabuluu wopita ku pepo. Ababa anatiimika tonse mozungulira n'kuyamba kutiyendetsa m'nyumbamo ndi chala. Apa pabalaza, apa chipinda chawo, apa pogona ine. Aneba anabwera, nawonso anayendetsedwa. Sindinawaonepo ababa akuyankhula nthawi yaitali chotero.

Koma pepalalo linali ndi fungo. Lero ndikudziwa kuti mapulani a masiku amenewo ankasindikizidwa ndi mankhwala otchedwa amoniya, ndipo likakhala latsopano limanunkha mankhwalawo. Nthawi imeneyo m'nyumba mwathu munalibe munthu amene anamvapo za amoniya. Fungolo tonse tinkalidziwa ndi dzina lina.

Ine ndinkagona pabalaza, pamphasa, m'mbali mwa tebulo lija. M'mawa mwake amayi anapeza pulani itatsetsereka patebulo n'kugwera pafupi ndi mphasa yanga. Anaitola, anaiyandikiza kumphuno, kenaka anandiyang'ana.

"Dalitso, tabwera kuno. Tanunkhiza apa."

Ndinanunkhiza.

"Wamva chiyani?"

"Sindikumva kanthu, amayi."

Limeneli linali bodza la mantha, ndipo linandiwonongera mlandu wonse.

"Mphuno yako yatsekeka lero lokha, eti? Mwana wamkulu ngati iwe. Mphasa inakuchepera, wafika pa nyumba ya abambo ako."

Mbiri ndinali nayo, sindikana. Ndinali nditasiya kalekale zonyowetsa mphasa, chaka chathunthu ndili wouma ngati munda wa mu Okutobala, koma mbiri ya m'banja sifufutika. Achemwali anga a Chifundo, amene anadzisankha okha kukhala mboni ya boma, anati anamva kanthu usiku. Ndinati pepalalo silinali lonyowa. Amayi anati lauma. Ndinati dzulo lomwe linkanunkha chomwecho. A Chifundo anati ndiye kuti ndinayamba dzulo. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kunditchula kuti injiniya wa zamadzi.

Ababa sanakalipe. Anangoti, "Amake Chifundo, chitani zoti fungolo lichoke, mmisiri asadzatiseke," n'kupita kukayang'anira uvuni wa njerwa.

Tsono muyenera kuwamvetsa amayi. Ndi munthu waukhondo, ndipo kwathu chilichonse chogwidwa ndi chinyezi kapena fungo mankhwala ake ndi dzuwa. Mphale imayanikidwa, ufa umayanikidwa, bulangete, nsapato, mphasa ya mwana wokodza pogona, zonse zimachira padzuwa. Chigamulo chinali chakuti pulani iyanikidwe, ndipo woyanika akhale wopalamulayo. Pansi sizikanatheka chifukwa cha mbuzi. Choncho m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkakwera padenga la khitchini, la malata akale otsikiza ndi miyala, n'kuyala nyumba ya ababa chagada, mwala pangodya iliyonse ndi wina pakati kuopa mphepo. Madzulo ndinkaitsitsa, amayi n'kuinunkhiza.

"Likuchoka. Mawa ubwezerenso."

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Lirangwe limene limaotcha ngakhale maganizo. Patapita masiku ndinaona kuti mizere ija ikuzirala. Ndinawauza amayi. Anayang'ana n'kunena kuti ndiye kuti zoipazo zikutuluka.

Mmisiri anabwera Lolemba m'mawa ndi tepi yake, chingwe ndi zikhomo. Ababa anavala jekete ya kutchalitchi, n'kuyala pulani patebulo monga munthu woyala nsalu ya ukwati. Fungo linalibe ndithu, amayi ntchito yawo anaigwira. Koma pepalalo linali litasuluka ngati chitenje chakale. Mizere inatsala ngati mthunzi wa ulusi, manambala ambiri osaoneka. Pokhapokha pamene pankakhala miyala ndi pamene panatsala poonekera bwino, ndipo mwala wapakati uja unkakhala ndendende pachimbudzi.

Mmisiri anawerama nthawi yaitali.

"Bwana, chimbudzi ndikuchiona, chokongola kwambiri. Nanga nyumba yake ili kuti?"

Palibe anaseka. Njerwa zinali zitapsa kale, matumba a simenti ataunjikidwa m'chipinda, ndipo madzulo kumwamba kunali kutayamba kuchita mitambo. Simenti yogona nyengo yamvula imasanduka mwala. Ndalama yojambulitsira pulani ina panalibe, yonse inali italowa m'malata ndi m'matabwa.

"Musadandaule, bwana," anatero mmisiri mofuna kutonthoza. "Tingojambula pansi monga mwa masiku onse. Nyumba ndi nyumba."

Ndinayang'ana nkhope ya ababa. Munthu amene ananyamula katundu wa anthu ena moyo wake wonse anali atafuna chinthu chimodzi chopangidwa m'mene iye akufunira, ndipo chinthucho chinali chitauluka padenga la khitchini. Anamuthokoza mmisiriyo, n'kumupempha kuti awapatse masiku ochepa. Tsiku lonselo sanadye.

Ababa anali ndi msuweni wawo, Anti Meliya, amene ankakhala ku Chileka, pafupi ndi bwalo la ndege. Ntchito imene anapumira inali yokopera mapulani pamanja mu ofesi ina ya boma. Ababa anaganiza zokayesa kumeneko. Anapinda pulani ija kangapo mpaka inakwana m'thumba la jekete, n'kunditenga ine kuti wopalamula akaone mapeto a ntchito zake. Tinakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kukwera ina yopita ku Chileka, pulani ili m'thumba, ikukanikizidwa ndi thumba la makala la mayi wina.

Anti Meliya anali mayi wamfupi wa magalasi okhuthala, ndipo ndi ababa ankachita chisuweni chosatha.

"Amuna anga abwera," anatero ali pakhonde. "Mwandikumbukira lero? Mwandibweretsera chitenje kapena mavuto?"

"Mavuto, akazi anga."

"Ndinadziwa. Inu chitenje munachigulira a ku Lirangwe."

Ababa anapisa m'thumba n'kutulutsa kamtolo kaja. Kuseka kwa anti kunathera pomwepo.

"Mwapinda. Pulani mwaipinda ngati kalata ya chibwenzi."

Anaitenga ndi manja awiri, kulowa nayo m'nyumba, n'kuitambasula pang'onopang'ono patebulo. Anayang'ana pamene pankakhala miyala paja, n'kufunsa kuti ndani anaiika padzuwa. Ababa anafotokoza zonse mwadongosolo, ndi mawu a mkulu wampingo, mpaka pa mfundo yakuti mwanayu anakodzerapo. Anti anandiyang'ana ine, anayang'ana ababa, kenaka anakhala pampando n'kuseka mpaka kuvula magalasi.

"Mwanayu alibe mlandu. Fungo limenelo ine ndagwira nalo ntchito zaka zanga zonse. Ndikamaweruka anthu m'basi ankandisiyira mpando wonse, ndinkayenda ngati bwana. Ndi mankhwala osindikizira amenewo, amachoka okha. Koma pepala lotere silifuna dzuwa. Mwaliyanika ngati mphale, nanga mumati likhale ufa?"

Ine ndinaima mowongoka. Chinali chilungamo changa choyamba pa dziko lapansi, ndipo ndinachilandira modekha, ngati munthu amene anazolowera kupambana milandu.

"Nanga apa," anapitiriza anti akuloza timadontho tamafuta, "ndani ankaonetsa alendo zipinda atangodya usipa?"

Nthawi yomweyo kunadutsa ndege, ndipo ababa anaiyang'ana pazenera mwachidwi ngati sanaionepo ndege chibadwire.

Kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati pali chimene chingachitike. Anti anati mizere sinafe yonse, ikhoza kukoperedwa papepala lina, koma maso awo anatha ndi ntchito yomweyo. "Dzanja ndili nalo. Maso ndibwereka a injiniya wanuyu. Mundisiyire." Ababa anabwerera okha, ine ndinatsala. Sukulu inandidikira, monga yakhala ikundidikira moyo wanga wonse.

Ntchito inkayamba ndi kusamba m'manja ndi sopo ndi kupukuta mpaka aume. Tebulo analikokera pafupi ndi zenera la mbali yopanda dzuwa. Pamwamba pa pulani yosuluka ija anayala pepala lopyapyala loonekera mkati, limene analisunga kuchokera kuntchito, n'kutsikiza m'ngodya ndi timatumba ta mchenga tosokedwa bwino. Ine ndinkapendeketsa mutu mpaka tsaya litatsala pang'ono kukhudza tebulo, kusaka pamene mzere wayambira ndi pamene wathera, n'kuloza ndi kamtengo ka machesi. Chala chinali choletsedwa. Iwo ankatsatira ndi rula ndi cholembera cha inki yakuda. Ndege ikamatera magalasi a mazenera ankanjenjemera, ndipo anti ankakweza cholembera m'mwamba n'kudikira mpaka phokoso lithe. Manambala amene anafufutikiratu ankawapeza poyeza mzere ndi rula ina ya mbali zitatu.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti dzuwa linangofooketsa mizere, koma mopinda mwa ababa ndi mmene munaphedwa zinthu. Paliponse pamene pepala linapindika, mzere unali utanyotsoka, ndipo pamene mapindo awiri anakumana panali kabowo.

"Ukuona?" anatero anti. "Amayi ako anaidwalitsa, abambo ako anaithyola miyendo. Usadzawauze kuti ndatero. Ayi, udzawauze."

Masana akatopa ankandiphunzitsa kukulunga, pogwiritsa ntchito nyuzi zakale. Ndinkayamba mothina.

"Ukukulunga fodya kodi? Masula. Pakati pazikwana dzanja lako."

Zojambula zinkayenera kuyang'ana kunja kwa mpukutu, kuti podzatambasula m'mbali muzipindikira kutebulo m'malo mokudumphira kumaso. Kumanga kwake ndi kansalu, osati labala, chifukwa labala likatenthedwa limasungunuka n'kumatirira. Selotepi ankadana nayo ngati mfiti. Ankati imagwira chaka chimodzi, kenaka imagwa n'kusiya chipsera chachikasu chimene chimadya manambala. Ndinafunsa kuti nanga mmisiri azigwira bwanji ndi manja osamba nthawi zonse.

"Mmisiri sagwira iyi. Iyi ndi mayi, imakhala pakhomo. Abambo ako akasindikize ana ake m'tauni, mmisiri azitenga mwana. Mmisiri ndi munthu wabwino, koma pa nthawi ya tiyi pulani amaikhalira."

Tinagwira bwino mpaka tinafika pakati pa nyumba, pambali pa chimbudzi chija, pamene panakumana mapindo. Panali kabowo kokwana chala, ndipo mozungulira munali moyera. Pamenepo ndi pamene pankakumana zitseko za zipinda ndi kanjira kam'kati. Ndinapendeketsa mutu uku ndi uku mpaka misozi, osaona kanthu. Anti anayesa ndi galasi lokuzira zinthu, osaphula kanthu. Anati kungopeka sangapeke, chifukwa chitseko chimodzi chikalakwika makoma atatu amasuntha.

Ababa atabwera kudzanditenga anapeza nyumba yawo yadzuka papepala latsopano, yakuda bii, koma pakati pali poyera. Anti anawakhazika pampando.

"Amuna anga, tsinzinani."

"Masewera ati amenewa, Meliya?"

"Tsinzinani. Si paja munayendetsa mudzi wonse m'nyumbayi? Ndiyendetseni inenso. Mwaima pabalaza. Mukupita kuchipinda chanu. Mukuona chiyani?"

Ababa anatsinzina. Poyamba ankachita manyazi, kenaka mawu anayamba kubwera okha. Anati ukachoka pabalaza umalowa kanjira, kumanja kuli chitseko cha atsikana chotsegukira mkati, moyang'anana nacho pang'ono kutsogolo kuli cha mnyamata, ndipo chawo chili kumapeto, chotsegukira kumanzere kuti chisamagunde kabati. Dzanja lawo linkakankha zitseko m'malere. Anti ankayeza zotsalira za mizere m'mbali mwa bowo lija, n'kumagwedeza mutu kuti zikugwirizana. Ababa atamaliza, anti anajambula zitseko zitatu.

"Tsegulani maso. Lowani m'nyumba mwanu."

Ababa anayang'ana nthawi yaitali. Anatambasula dzanja kuti aloze, kenaka anakumbukira, n'kulibweza m'thumba.

Tinabwerera ku Lirangwe pulani ili m'paipi ya pulasitiki yotseka mbali zonse, ine nditaiimika pakati pa miyendo, kondakitala akufuna kuilipiritsa mpando. Kunyumba ndinaipachika ndi waya kumtanda wa denga monga anandilangizira, kutali ndi khoma ndi pansi kumene kumayenda chiswe, komanso motsikirako kuti isaphikidwe ndi malata. Ababa anawafotokozera amayi zonse, kuphatikizapo za mapindo ndi za usipa. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Kwathu kholo silipepesa mwana ndi pakamwa. Lamulungu lotsatira anapha nkhuku, ndipo nthutumba, imene chiyambire inali ya ababa, ndinaipeza m'mbale mwanga. A Chifundo anatsegula pakamwa kuti achite apilo, amayi anangowayang'ana.

Mmisiri anabwera, anapatsidwa mwana wa pulani, ndipo anamukhalira monga ananenera anti. Malata omaliza anakhomedwa mvula yoyamba itayamba kale kudontha. Ababa anakhala m'nyumbamo zaka zawo zonse zotsala, madzulo ali pakhonde loyang'ana kumsewu. Amayi akukhalamo mpaka lero, ndipo pulani ija ikadali m'paipi yake, mizere yakuda ngati yajambulidwa dzulo.

Ndakula ndikuganizira za nkhaniyi. Amayi sanawononge pulani ija chifukwa cha ulesi kapena kusasamala. Anaiwononga ndi chisamaliro chenicheni, chomwe chija chinatilera tonse opanda mphere. Kungoti chinthu chilichonse chili ndi kasamalidwe kake, ndipo chimene chimachiza bulangete chimapha pepala. N'chifukwa chake munthu akalowa m'kashopu kanga ndi pulani yopindidwa m'thumba lakumbuyo, kapena yoti yagona mwezi pagalasi lakutsogolo la galimoto, sindimukalipira. Ndimadziwa kuti anaisunga pafupi chifukwa amaikonda. Ndimangomupempha kuti asambe m'manja, kenaka ndimamuonetsa kakulungidwe, ndipo mumtima ndimathokoza mayi wamfupi wa magalasi okhuthala amene anandibwereka maso n'kundibwezera akuona zambiri.

Anti Meliya sanalandire kanthu kwa ababa. Anati msuweni salipira, amangonyozedwa. Pepala, inki ndi paipi zonse zinali zawo. Koma zotsekera paipi ziwiri anakana kugula, anakananso kuti ababa agule. Anati wosunga ndiye amagula zotsekera, kuti akamatsegula azimva kuwawa. Ananditengera kumsika wa pa Chileka, n'kuima pambali manja ali kumbuyo pamene ine ndinkamasula mfundo ya mpango mmene munali ndalama ya mandasi imene amayi anandipatsa ponyamuka. Maphunziro onsewa, pamodzi ndi kuyeretsedwa kwa dzina langa, anandidyera makwacha asanu ndi atatu.